Pansi pa Tchizi cha Khoswe

Padangokhala, inu muli apo ine ndili pano, kunali Khoswe ndi mlongo wake Nambewe. Makolo awo anali atatsikira kale kulichete, choncho Nambewe pokwatiwa, amene anaimira banjalo anali Khoswe yemweyo. Inde, Khoswe anali nkhoswe. Musaseke. Mayina awiriwa amangosiyana pamphuno pokha, koma ntchito zake ndi zotalikirana, ndipo achibale akanaliona msanga vutoli bwenzi nthano ino kulibe.

Amene anakwatira Nambewe anali Nungu, nduna yosunga mikondo kubwalo la mfumu Njovu. Mikondoyo sankaisiya kuntchito ayi. Ankayenda nayo kumsana, kudya nayo, kugona nayo. Anapempha kuti amutenge Nambewe chitengwa, ndipo Khoswe anavomera mawu asanathe n'komwe, poti mlamu waudindo amakometsa dzina. Atatero ananyamuka ulendo wa kutauni. Kumeneko anakhala zaka zisanu kudenga la khitchini ya anthu olemera, akusuzumira pansi ndi kuloweza zophikaphika zimene palibe anamuitanirapo.

Tsiku limene anabwerako anapeza mlongo wake akutsimphina, thupi lonse zipsera.

"Chemwali, mabala awa ndi a chiyani?"

"Ndinagwera paminga, achimwene."

"Minga yake yomera kuti?"

Nambewe anangoyang'ana kukhomo, kumene mwamuna wake ankaothera dzuwa.

Nungu sankamenya ndi dzanja. Ndiwo zikamuipira ankangotembenuka, n'kugwedeza msana, munga umodzi n'kutsala m'thupi la mkazi wake. Ndipo ndiwo zinkamuipira tsiku ndi tsiku, makamaka akamaliza kukombeza mbale. Khoswe atazindikira zimenezi anagwidwa ndi manyazi osaneneka, chifukwa anakumbukira mmene anavomerera mothamanga muja. Manyaziwo sanachedwe kusanduka ukali.

Anapita kukakhala pansi pamaso pa Nungu, naomba m'manja.

"Alamu, ndabwera ngati nkhoswe. Mlongo wanga abwerere kumudzi."

"Mwati nkhoswe kapena khoswe?" anafunsa Nungu, naseka mpaka minga inachita phokoso. "Mlongo wanu ndikumuphunzitsa. Kwanu simudziwa kuphika, mtundu wonse."

"Nanga wina wa kwathu atakuphikirani bwino?"

"Ino ndi nyengo ya bowa," anatero Nungu. "Tsiku limene ndidzadye bowa m'nyumba muno n'kusowa chonena, mudzamutenge. Ndikupatsani maulendo atatu. Mukalephera katatu, unkhoswe wanu wathera pomwepo, ndipo phazi lanu lisadzapondenso pakhomo pano. Musaiwale mwambo wake, alamu. Wophika bowa ndiye amayamba kulawa."

"Ndamva, alamu."

Khoswe anadziwa kuti bowa wotendera Nungu anamudya kambirimbiri, wokazinga ndi matimati chimodzimodzi. Panafunika chinthu chimene lilime lake linali lisanachikhudzepo. Ndiye anakumbukira chakudya china cha kutauni kuja: bowa woyala mumphika, pamwamba n'kuwaza tchizi, moto pansi moto pamwamba ngati chikondamoyo. Koma kumudzi tchizi angachipeze kuti? Anapita kwa mayi Mbuzi, amene mkaka wawo sankapatsa ngakhale mlendo wodwala.

"Amayi, kutauni ndinaona zodabwitsa. Mkaka wa Ng'ombe amauumitsa kukhala ngati mwala, n'kumaudula ndi mpeni. Koma amati wa mbuzi sungatheke. Akuti ndi madzi okhaokha."

"Akutero ndani?" anafunsa mayi Mbuzi, makutu ali chiriri.

"A Ng'ombe eni ake."

"Bweretsa chikho kuno! Chachikulucho, osati ako."

Khoswe anausiya mkakawo masiku awiri mpaka unasanduka chambiko. Anauthira munsalu, nafinya, nathira mchere, nautsendereza ndi mwala wa mphero mpaka madzi onse anatha. Chimene chinatsala munsalumo chinali tchizi, choyera ndi chonunkhira, moti mwini wake anachita kudziluma mchira kuti asachidye.

Kunatsala bowa. Utale wabwino unkamera pachulu cha mfumukazi ya Chiswe, ndipo asilikali ake ankaluma aliyense woyandikira. Khoswe anafika akupuma wefuwefu.

"Akuluakulu, simunamve? Nduna Nungu ikufuna chulu chokumbamo nyumba yatsopano. Yati isankha chimene pali bowa, poti dothi lake ndi lofewa."

Asilikali anathamanga kukauza mfumukazi, ndipo mfumukazi inalamula kuti bowa yense azulidwe dzuwa lisanakwere. Anazula okha, namusenzetsa Khoswe, namupempha kuti azibwera m'mawa uliwonse kudzachotsa wina akamera. Anamuthokozanso.

Tsiku la ulendo woyamba Khoswe analowa m'khitchini ya mlongo wake. Anatsuka bowa m'madzi ambiri, namuduladula, namuyala mumphika ndi anyezi, nawaza tchizi pamwamba. Anavundikira ndi phale, naika makala pamwamba pake, ena pansi. Nambewe ankauzira moto. Podikira, Khoswe anayambitsa nyimbo imene anaipeka yekha, yonena kuti zapamwamba zimaseka ndi alendo pamene zapansi zimasunga chinsinsi. Inali nyimbo yofuna wovomera, ndipo Nambewe ankavomera motsitsa mawu, akuomba m'manja pang'onopang'ono kuopa kudzutsa mwamuna wake. Aka kanali koyamba kuti aimbe chilowereni m'nyumba imeneyo.

Atavundukula, pamwamba panali pofiirira, pakuchita thovu. Anapita nawo mphikawo kwa Nungu.

"Ichi n'chiyani?"

"Bowa wovala chipewa, alamu."

Nungu anatenga mthiko kuti atakase, koma Khoswe anamugwira dzanja.

"Pepani alamu, ichi satakasa. Mukatakasa mwachipha. Amadya mmene chakhaliramo, kuyambira pamwamba kutsikira pansi."

"Lawani."

Khoswe anatapa pamwamba, nadya, nameza, natsegula kukamwa kuti mlamu wake aone. Kenako anatuluka, chifukwa nduna sidyera pamaso pa anthu. Anakakhala kuseri kwa nkhokwe, khutu lili kunyumba. Anamva mlamu wake akukumba mumphika ngati akukumba chinangwa, mpaka zikhadabo zinalira pansi pa mphika.

"Alamu!" anaitana Nungu. "Pansi pake panali dziwe. Mumafuna ndidye kapena ndisambe?"

Mphika unali mbee, ngati wotsuka. Nungu anatembenuka, nagwedeza msana, munga unatsala paphewa la Nambewe.

Khoswe anauzula mungawo ndi mano, misozi ili m'maso. Cholakwa anachidziwa. Bowa amamwa madzi, ndipo akamva moto amawalavula onse. Ulendo wachiwiri sanamutsuke, anangomupukuta ndi kansalu konyowa, mmodzimmodzi. Anayamba wamukazinga m'mafuta mpaka madzi ake anauma ndipo m'mbali munayamba kufiira. Kenako anayala bowa, tchizi pang'ono, bowa wina, tchizi chambiri pamwamba. Makala a pamwamba anachulukitsa, a pansi anachepetsa. Anaimbanso nyimbo ija ya zapamwamba ndi zapansi, Nambewe akuvomera ndi phewa limodzi lotupa.

Chinapsa bwino chakudya chimenecho. Fungo lake linafika mpaka kwa mayi Mbuzi, amene anayamba kuuza aliyense wodutsa kuti umenewo ndi mkaka wawo. Khoswe analawa, natuluka, nakakhala kuseri kwa nkhokwe. Anamvanso kukumba kuja, kenako kukokota, kenako kunyambita phale lovundikira. Panapita nthawi yaitali kuli zii. Mtima wa Khoswe unayamba kuvina.

"Alamu!"

Khoswe analowa akumwetulira. Nungu anali atatsamira khoma, maso ali kudenga, akufunafuna chonena ngati munthu wofuna nsabwe m'chovala choyera.

"Mchere uli bwino?" anafunsa Khoswe.

"Uli bwino."

"Madzi?"

"Mulibe."

"Kupserera?"

"Ayi."

"Ndiye chemwali, kamange katundu."

"Chachepa," anatero Nungu. "Mwandiutsira njala. Nduna yonse ine, kamphika konga ka mankhwala?"

Anatembenuka, nagwedeza msana. Munga uwu unalowa pantchafu, ndipo unalowa kwambiri.

Apa ndi pamene Khoswe anazindikira kuti mlamu wake sadzasowa chonena mpaka kalekale. Chikakoma adzati chachepa, chikachuluka adzati chatopetsa nsagwada. Kunatsala ulendo umodzi, ndipo ukalephereka Nambewe adzatsala yekha ndi minga, wopanda womuzula. Khoswe anakhala tsiku lonse akuganiza chochita. Akanatha kukadandaula kubwalo, koma woweruza kumeneko ankakhala moyandikana ndi Nungu. Akanatha kuthawa naye mlongo wake, koma wotsimphina sathawa nduna. Ndiye nzeru zija zimene zinanyenga Mbuzi ndi Chiswe zinamunong'oneza china. Ndiwo zonse za padziko amatakasa, n'chifukwa chake wolawa pamwamba walawa mphika wonse. Koma ichi satakasa. Anamuuza yekha Nungu, ndipo Nungu anavomera.

M'mawa mwake, atatenga utale kwa Chiswe, anapatukira patsinde la mtengo wina pamene panamera zoyera zofanana ndi bowa wa ndelema. Anazula zisanu. Pobwerera anakumana ndi mayi Mbuzi.

"Iwe Khoswe, taima. Wanyamula chiyani kudzanja ilo?"

"Bowa, amayi."

"Icho si bowa. Bowa ndi amene timadya. Icho ndi chirombo chakupha. Chimavala ngati ndelema kuti chilowe m'nyumba za anthu. Agogo ako sanakuuze?"

"Anandiuza, amayi. N'chifukwa chake ndazula. Ndikukataya kutali, ana angatole."

"Uli ndi mtima wabwino, mwana iwe," anatero mayi Mbuzi, namupatsa mkaka zikho zitatu osapempha.

Tchizi chitakonzeka, Khoswe anabwereka mphika waukulu wophikira pamaliro. Sanaganizepo kanthu za dzina la mphikawo. Anangoti mlamu anadandaula kuchepa, lero aone. Atakazinga utale anauza mlongo wake kuti makala achepa, akapemphe ena kwa mayi Mbuzi. Nambewe atangotuluka, Khoswe anatulutsa chirombo chija, nachiduladula, nachikazinga pachokha, nachiyala pansi penipeni pa mphika. Pamwamba pake anayala utale, kenako tchizi, utale, tchizi, utale, mpaka mphika unadzaza. Chotsala chonse cha tchizi anachiwaza pamwamba mosaumira. Anasamba m'manja katatu.

Nambewe anabwera ndi makala akukoka mwendo, nagwada kuti auzire moto. Khoswe anamuyang'ana. Anafuna kumuuza, koma anaopa nkhope yake. Nambewe sankatha kubisa kanthu, akanangolowa ndi madzi osamba m'manja Nungu akanawerenga zonse pamaso pake.

"Chemwali," anayamba motero, "lero mphikawu ukabwerako, nkhoko zake..."

Nambewe anaseka mpaka anagwira pabala.

"Nkhoko, achimwene? M'nyumba muno? Zaka zisanu ndakhala muno, sanandisiyirepo ngakhale fungo. Mphika umabwera wotsukatsuka. Ine ndimadya zimene zagwa pansi."

Khoswe anaona kuti n'zoona, poti anadzionera yekha kawiri konse. Mawu otsalawo anawameza. Anayambitsa nyimbo ija mokweza kuposa kale, ndipo pofika pa mawu a zapansi zosunga chinsinsi ankagwedeza mchira. Nambewe ankavomera ndi mtima wonse, osadziwa chimene akuvomera.

Ananyamula mphikawo awiri. Nungu ataona kukula kwake anakhala tsonga. Koma sanali chitsiru, anadziwa kuti ulendo womaliza ndi umene mlamu amaganiza zambiri.

"Lawani apa," analoza pakati.

Khoswe analawa.

"Apanso." Analoza m'mbali.

Khoswe analawa.

"Ndi uku."

Khoswe analawanso, nanyambita zala. Nungu analoza malo asanu, kum'mawa, kumadzulo, paliponse, koma monse munali pamwamba. Za pansi sanaziganize, monga mmene sankaganizira chilichonse chokhala pansi pake.

"Tulukani," anatero.

Khoswe anapita kuseri kwa nkhokwe. Anamva kukumba kuja kutayamba, nayamba kuwerenga mumtima: tchizi choyamba chapita, utale woyamba, tchizi chachiwiri. Anakhala pansi n'kumaimba nyimbo yake chapansipansi. Panalibe womuvomera, poti Nambewe anali atagwada pakhomo ndi madzi, kudikira mwamuna wake. Poimba yekhapo Khoswe sanamve kuti kukumba kwaleka msanga, ndipo zikhadabo sizinalire pansi pa mphika.

Zimene zinachitika m'nyumbamo anazimva pambuyo pake. Nungu anadya, nadya, mpaka mimba inakana. Chibadwire anali asanakhutepo chotero. Anatsamira khoma kufunafuna chonena. Mchere unali bwino, madzi munalibe, kuchepa sikunachepe. Anafufuza m'mutu monse, osapeza kanthu. Ndipo munthu wozolowera kudandaula akasowa dandaulo amakhala ngati wavulidwa. Anayang'ana kukhomo, naona mkazi wake atagwada, zipsera zili mbwee, ndipo kwa nthawi yoyamba anaziwerenga. Manyazi anamugwira. Anakankha mphika uja ndi phazi.

"Nambewe, tenga. Zatsalazo udye ndiwe. Ukatha umange katundu wako, achimwene ako apambana."

Kuseri kwa nkhokwe dzuwa linapendeka Khoswe akudikira. Kenako anamva chimene ankachiyembekeza: kulira kwa maliro kuchokera m'nyumba. Analumpha, navina kamodzi, kawiri. Pachitatu mwendo unaima m'malere. Mawu olirawo anali aakulu, achimuna.

Anathamanga. Pakhomo anapeza Nungu ali moyo, wathanzi, akugubuduka m'dothi, minga yake ikuthyoka.

"Alamu, thandizeni! Ndinasowa chonena, alamu. Ndinamusiyira, ndinamuuza kuti azipita. Sindinamulase lero, ndikulumbira!"

M'khitchini Nambewe anali atagona chammbali pafupi ndi mafuwa, atagwira pamimba, thukuta lili kamukamu. Kamtolo kake kanali pakhomo, komanga bwinobwino. Mphika wa pamaliro uja unali pambali pake, mbee, wokokota mpaka pansi.

"Chemwali! Lavula, chemwali, lavula!"

Nambewe anatsegula maso, ndipo atamuona anamwetulira.

"Achimwene, mwamva? Andisiyira." Anapuma movutika. "Anachita kunditchula dzina. Ndinafuna ndikusungireniko, koma chinakoma. Mundikhululukire, ndamaliza chonse."

Khoswe anathamangira kwa mayi Mbuzi kukatenga mkaka woti amumwetse. Pobwera nawo anapeza mlongo wake atazizira kale. Mayi Mbuzi, amene anamutsatira pambuyo, ananunkhiza mumphika muja, namuyang'ana Khoswe nthawi yaitali.

"Unati ukukataya kutali," anatero. Sanauze munthu. Kukhala chete kwawoko kunamupweteka Khoswe kuposa mlandu wa pabwalo.

Nungu anasunga lonjezo lake. Anati, "Mutengeni, alamu, ndi wanu." Anathandiza ngakhale kusema machira. Choncho Nambewe anabwereradi kumudzi kwawo monga mmene nkhoswe yake inafunira, kamtolo kake kali kumiyendo. Pamaliropo anthu ankayamika Khoswe kuti anamenyera nkhondo mlongo wake mpaka mapeto, ndipo iye ankangoti zikomo. Nungu analira kuposa onse, ndipo chaka chisanathe anakwatira wina.

Khoswe sanakhalenso pakati pa anzake. Anabwerera kudenga, kumene amakhala mpaka lero. Unkhoswe anausiya, anangotsala ndi dzina lopanda mphuno lija. Nyimbo ija amayesa kuiyamba, koma ikafika poti wina avomere imamuthera pakhosi, n'kungotsala kulira kuja mumamva kudengaku. Chakudya chilichonse amangochiluma m'mbali n'kuchisiya, saafika pansi.

Ndipo inu mukatchera msampha n'kuikapo kachidutswa ka tchizi, musamadzitame kuti mwamupusitsa. Khoswe amadziwa bwino lomwe chimene chimakhala pansi pa tchizi, poti woyamba kuchiika pamenepo anali iyeyo. Amaima, n'kununkhiza, n'kukumbukira mawu aja akuti andisiyira. Kenako amapita yekha.

Yathera pamenepa. Amene anasiya mphika pamoto akaphule, koma ine musandipatse zapansi.